Mawu a Agriculture amene tinangoloweza: kumunda amatanthauza chiyani, nanga ntchito zake ndi ziti?

Mnyamata wa ku Chibavi

Moni nonse akuluakulu. Ndalemba MSCE chaka chino ndipo ndikufuna kupitiriza maphunziro a zaulimi. Vuto ndi lakuti mawu ambiri tinangowaloweza kuti tikhoze mayeso: pH, basal dressing, top dressing, plant population, hybrid, OPV, gross margin. Kodi munthu akaima m'munda, mawu amenewa amamuthandiza kusankha chiyani? Chachiwiri, agronomist, mlangizi, katswiri wa zanthaka ndi dokotala wa ziweto amasiyana pati? Kwa ife a kuno ku Mzuzu, sukulu zake ndi malo ogwirako ntchito ali kuti? Chonde ndithandizeni.

Mlangizi wopuma

Mwana wanga, yamba ndi kukula kwa munda, chifukwa masamu ena onse amachokera pamenepo. Hekitala ndi mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi, kutanthauza masikweya mita 10,000. Ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, choncho hekitala imodzi muli maekala 2.47. Malangizo a boma ndi zolembedwa pa mabotolo a mankhwala zimakhala za pa hekitala, koma mlimi amayankhula za maekala, ndipo kawirikawiri ekala yakeyo sinayezedwepo ndi chingwe. Usanamuuze munthu matumba a feteleza oti agule, yeza kaye munda.

Plant population ndi chiwerengero cha mbewu zimene zaima pa hekitala. Pa chimanga, kabzalidwe ka Sasakawa ndi mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi pa phando. Chulukitsa 0.75 ndi 0.25, kenako gawa 10,000 ndi yankho lakelo, upeza 53,333. Aganyu akaunga mizere pa masentimita 90, mapando ali omwewo, chiwerengero chimatsika kufika 44,444. Pamenepo wataya mapesi pafupifupi 8,900 usanabzale n'komwe, ndipo palibe feteleza amene angabweze zimenezo. Mbewu yofunika ndi makilogalamu 25 pa hekitala, kapena 10 pa ekala.

Tibwere ku feteleza. Manambala a pa thumba ndi maperesenti. Pa thumba la 23:10:5+6S+1.0Zn, 23 ndi nayitrojeni, 10 ndi fosifeti, 5 ndi potashi, kenako salufa ndi zinki. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi nayitrojeni wokwana makilogalamu 11.5. Urea ndi 46 peresenti, ndiye thumba lake lili ndi makilogalamu 23. Mlingo wodziwika wa chimanga cha hybrid ndi makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala, ndipo umapezeka motere: matumba 2 a NPK (uja wa 23:10:5) amapereka 23, matumba 3 a urea amapereka 69. Ukagawa ndi mapando 53,333 aja, phando lililonse limalandira magalamu pafupifupi 1.9 a NPK ndi 2.8 a urea. Ndi kochepa kwambiri m'manja, n'chifukwa chake wothira ndi dzanja amamaliza thumba munda uli pakati.

Basal ndi uja alimi amati wokulitsa. Amathiridwa pobzala kapena pasanathe sabata chimanga chitamera, chifukwa fosiforasi sayenda m'nthaka ndipo mizu imamufuna idakali yanthete. Top dressing ndi wobereketsa, patatha masiku pafupifupi 21 chithirireni woyamba. Boola kadzenje pakati pa mapando awiri, thira, kwirira. Urea wosiyidwa pamtunda amasanduka mpweya n'kuuluka, ndipo wokhudza tsinde amawotcha mbewu. Kuno mvula imagwa yambiri n'kutsukira nayitrojeni pansi, choncho amene ali ndi anthu okwanira amachita bwino kugawa urea pawiri, theka pa masabata 3, theka linalo pa masabata 5 kapena 6.

Za mbewu ndifupikitse. Hybrid amapangidwa pokwatitsa makolo awiri kapena atatu osankhidwa, ndipo mphamvu yake ili mu mbadwo woyamba wokha. Ukabzalanso za m'nkhokwe, mapesi amatuluka osiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. OPV (open pollinated variety) ndi mbewu imene mungu wake umasakanikirana wokha m'munda, ndipo ungathe kuibwereza mpaka zaka 3, bola usankhe zisononkho za pakati pa munda, kutali ndi chimanga cha anansi. Chinthu chimene anthu a ku Mzuzu amaiwala ndi masiku okhwimira. Chimanga chocha msanga chikabzalidwa mu December chimakhwima mvula idakalipo, poti kuno imafika April ngakhale May, ndiye chimawolera pa phesi. Funa chokhalitsako, chokhala ndi makoko otseka bwino kunsonga.

Ukakayika mbewu, iyese. Tenga njere 100, ziike pa chiguduli chonyowa, werenga zimene zamera patatha masiku 7. Zikachepera 80, usabzale njere imodzi pa phando.

Wa zanthaka

Bambo mlangizi afotokoza bwino, koma ndiwonjezepo chimodzi chimene kwathu kuno chimasokoneza masamu awo onse aja. Mukhoza kuthira makilogalamu 92 ndendende, chimanga n'kukhalabe chopinimbira, chifukwa cha pH.

Achimwene, pH ndi muyeso wa asidi m'nthaka. Umayambira 0 kufika 14, ndipo 7 ndi pakatikati. Nambala ikatsika ndi 1, asidi wachuluka kakhumi, choncho nthaka ya 4.5 ndi ya 5.5 zatalikirana kwambiri ngakhale pa pepala zikuoneka zoyandikana. Chimanga chimachita bwino kuyambira 5.5 kufika 7. Katondo wofiira wa kuno ku Mzuzu ndi kumapiri a Nkhata Bay nthawi zambiri amakhala wa asidi, chifukwa mvula yambiri imatsuka kashiamu ndi maginiziyamu, ndipo kuthira urea chaka ndi chaka popanda manyowa kumawonjezera vutolo.

Nthaka ikatsika pansi pa 5.5 zimachitika zinthu ziwiri. Aluminiyamu amasungunuka n'kuwononga nsonga za mizu. Mukazula phesi mupeza mizu yaifupi, yonenepa, yopanda timizu ting'onoting'ono, ndipo chimanga chotere chimafota dzuwa likangowala masiku ochepa. Chachiwiri, fosiforasi amene mwagula uja amamangidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, mbewu osamupeza. Nyemba zimavutika msanga ndi nthaka yotere. Chinangwa, chinanazi ndi tiyi zimapirira, n'chifukwa chake tiyi wa ku Kawalazi amakondwa pamalo pamene nyemba zingalephere.

Mankhwala ake ndi laimu wa kumunda, makamaka wa dolomite poti ali ndi maginiziyamu. Amawazidwa munda wonse n'kusakanizidwa ndi dothi la pamwamba masentimita 15 mpaka 20, mwezi umodzi kapena iwiri musanabzale. Amagwira pang'onopang'ono koma amakhala zaka zingapo. Musamuthire tsiku limodzi ndi urea. Kuchuluka kwake amanena ndi a labotale, ndipo amawerengera matani pa hekitala, osati timapaketi.

Katengedwe ka dothi lokayezetsa ndi kamene anthu amalakwitsa kwambiri. Gawani munda malinga ndi maonekedwe: kumtunda pakokha, kudambo pakokha. M'gawo lililonse yendani mokhotakhota n'kukumba malo 15 mpaka 20, kuya masentimita 20. Pewani pachulu, pamene panawotchedwa zinyalala, pamene panali mulu wa manyowa ndi m'mphepete mwa njira. Sakanizani zonse mu ndowa yapulasitiki yoyera, tengani theka la kilogalamu, umitsani pamthunzi, lembani dzina la munda, mbewu ya chaka chatha ndi imene mukufuna kubzala. Dothi la dzenje limodzi limangokuuzani za dzenjelo. Funsani ku Lunyangwa Research Station, konkuno ku Mzuzu, za kumene angakuyezereni.

Masamba nawonso amanena. Akayamba chikasu masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, ndi nayitrojeni. Akapsa m'mphepete, ndi potaziyamu. Chimanga chaching'ono chikafiirira ngati chibakuwa, ndi fosiforasi, ngakhale kuzizira nakonso kumachititsa zimenezi. Masamba a pamwamba akachita chikasu onse, ganizirani salufa, ndipo akakhala ndi mizere yoyererako m'mbali mwa mtsempha, ganizirani zinki. Lamulo lake n'lakuti chakudya chimene chimayenda m'mbewu chimasowa m'masamba akale poyamba, chimene sichiyenda chimasowa m'masamba atsopano. Koma mukaona timaluwa tofiirira ta kaufiti pakati pa chimanga chopinimbira, musavutike ndi masamba, nthakayo yaguga. Zulani kaufitiyo asanachite njere, ndipo chaka chotsatira bzalanipo soya, mtedza kapena nandolo.

Minda yambiri ya kuno ili pamtsetse. Kuyika akalozera ndi zipangizo zoyezera mtsetse (A-frame kapena line level), kubzala vetiva pa akalozerawo ndi kutseka mizere kuti madzi asathamange ndi ntchito ya nthambi yosamalira nthaka. Popanda zimenezi laimu ndi feteleza yemwe amakathera mumtsinje wa Lunyangwa.

Mayi wa ziweto

Abambo awiriwa akamba za mbewu ngati ulimi wathera pamenepo. Mzuzu ndi dera la mkaka, pitani ku Lusangazi kapena ku Doroba mukaone, ndipo anthu odziwa ziweto amasowa.

Mawu oyamba oti muwadziwe ndi dry matter, kutanthauza chakudya chimene chatsala mukachotsa madzi. Ng'ombe ya mkaka imadya dry matter wokwana pafupifupi 3 peresenti ya kulemera kwake pa tsiku. Ya makilogalamu 400 imafuna 12. Nsenjere zaziwisi zili ndi madzi pafupifupi 80 peresenti, ndiye zikakhala zokhazokha zifunika makilogalamu 60. Mtolo umodzi wa pa njinga sukwana, ndipo mlimi akamadandaula kuti ng'ombe yake yachizungu ya Friesian ikungotulutsa malita 5, yambani mwakweza chakudyacho pa sikelo. Nsenjere zidulidwe zikafika m'chiuno. Zikatalika kuposa munthu zasanduka mapesi opanda chakudya. Madeya okha alibe mapuloteni okwanira, amafunika kusakaniza ndi soya wokazinga kapena keke ya mpendadzuwa, mchere ndi maminero. Madzi asachepere malita 60 pa tsiku.

Za kubereka, manambala ake ndi awa. Ng'ombe imafuna nkhunzi masiku 21 aliwonse, ndipo nyengoyo imatha pasanathe tsiku limodzi. Chizindikiro chodalirika ndi kuima osathawa inzake ikaikwera. Mukaiona m'mawa, wobereketsa ndi jakisoni abwere madzulo. Mukaiona madzulo, abwere m'mawa mwake. Mukaphonya, mwataya masabata 3 a mkaka wa chaka chamawa. Bere la ng'ombe ndi masiku pafupifupi 283, la mbuzi 150, la nkhumba 114, ndipo mazira a nkhuku amaswa pa 21. Lekani kukama masiku 60 isanabereke, ndipo mwana wa ng'ombe amwe mkaka woyamba wachikasu uja pasanathe maola 6, chifukwa pakapita nthawi matumbo ake salandiranso chitetezo chimene chili m'menemo.

Ku bulking group, kumene alimi amasonkhanitsira mkaka wogulitsa, mkakawo umayezedwa ndi lactometer kuti aone ngati wathiridwa madzi, komanso ndi mowa wa labotale kuti aone ngati wayamba kusasa. Chimene chimabweza mkaka kawirikawiri ndi matenda otupitsa bere, omwe amadza ndi khola la matope ndi manja osasamba. Mawu ena ofunika ndi withdrawal period: masiku amene mkaka kapena nyama siziyenera kugulitsidwa chiweto chikabayidwa mankhwala. Amalembedwa pa botolo.

Katemera ndi woteteza, sachiza. Wa chitopa wotchedwa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono ndi yaikulu yomwe, miyezi 4 iliyonse, nkhuku zisanadwale. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, chitetezo chake ndi khola lotchinga, kusalola alendo kulowa ndi kusapatsa nkhumba zotsala za nyama ya nkhumba. East Coast Fever imafala ndi nkhupakupa ndipo imapha ng'ombe zachizungu msanga kuposa Zebu wathu, ndiye kupopera kapena dibi sikudumphidwa.

Ntchito zake: AVO (Assistant Veterinary Officer), amene kumudzi amangomuti dokotala wa ziweto, amakhala ndi dipuloma ndipo ndi amene amatemera, kuthena ndi kuyeza nyama pophera. Dokotala weniweni ali ndi digiri ya veterinary medicine, yomwe masiku ano imaphunzitsidwa ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Lilongwe. Palinso obereketsa ndi jakisoni ndi osakaniza zakudya za ziweto m'makampani.

Mphunzitsi wa Agriculture

Ine ndiyankhe funso lachiwiri lija. Njira yapafupi yosiyanitsira ntchitozi ndi kufunsa kuti munthuyo amayeza chiyani tsiku ndi tsiku.

Agronomist amayeza mbewu m'munda: nthawi yobzala, katalikiridwe, mlingo wa feteleza, zokolola pa hekitala. Breeder amapanga mitundu yatsopano ya mbewu, ntchito ya zaka zambiri mtundu umodzi usanavomerezedwe. Wa zanthaka mwamumva kale. Entomologist amaona za tizilombo monga kapuchi, nankafumbwe ndi mbozi za fall armyworm, pomwe pathologist amaona za matenda monga chisaka cha nthochi chomwe chinawononga minda ku Nkhata Bay, kapena khate la chinangwa. Injiniya wa ulimi wamthirira amayeza madzi, mtsetse ndi mapampu, ndipo ntchito yake ili m'masikimu ngati Limphasa, Hara ndi Wovwe. Woyendera mbewu amaona ngati munda wochulukitsa mbewu watalikirana mokwanira ndi minda ina ndiponso ngati mbewu zosokonekera zazulidwa. Mlangizi amatenga zonsezi n'kukazifikitsa kwa mlimi.

Ofufuza ndi alangizi amasiyananso pa minda yawo. Munda wachitsanzo umaonetsa chinthu chimene chadziwika kale kuti chimagwira. Munda wa kafukufuku umafunsa funso, choncho njira iliyonse imabwerezedwa katatu kapena kanayi m'timinda tosankhidwa mwamaere, ndipo pamakhala kamunda kosathiridwa kanthu koyerekezera. Popanda kubwereza simungadziwe ngati chimanga chakula chifukwa cha feteleza kapena chifukwa panali chulu.

Ku boma dongosolo lake ndi ili: dziko lagawidwa m'zigawo 8 za ulimi zotchedwa ADD (Agricultural Development Division). Mzuzu ADD imayang'anira Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay ndi Likoma, pomwe Karonga ndi Chitipa zili pansi pa Karonga ADD. M'boma lililonse, monga Mzimba kapena Rumphi, muli madera a ulangizi otchedwa EPA (Extension Planning Area) otsogozedwa ndi mkulu wa alangizi, AEDC, ndipo EPA imagawidwa m'masekishoni momwe mumakhala mlangizi wa kumudzi, AEDO. Malo a kafukufuku kumpoto kuno ndi Lunyangwa, Mkondezi ku Nkhata Bay, Mbawa ku Mzimba ndi Baka ku Karonga, pomwe Chitedze ili ku Lilongwe. Kunja kwa boma kuli Mzuzu Coffee, esiteti ya tiyi ya Kawalazi, ya rabala ya Vizara, nkhalango ya Chikangawa, msika wa fodya wa Mzuzu ndi makampani ake, makampani a mbewu komanso mabungwe. Amene akufuna ulangizi m'midzi ya ku Mzimba ndi Rumphi aphunzire Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, apo ayi msonkhano wake uzikhala wa anthu ogwedeza mitu basi.

Sukulu: LUANAR ili ndi Bunda ya madigiri ndi NRC (Natural Resources College) yomwe imadziwika ndi madipuloma, ndipo alangizi ambiri anadutsa ku NRC. Mzuni (Mzuzu University), ku Luwinga konkuno, imaphunzitsa za nkhalango, za nsomba, za madzi ndi za kasamalidwe ka malo. Koleji ya Mwimba ku Kasungu ndi ya ARET, bungwe la kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, ndipo imatsamira ku fodya. Za nkhalango ziliponso ku Dedza, za nsomba ku Mpwepwe ku Mangochi. Ku mayunivesite a boma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amasankha kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba. Agriculture yokha sikulowetsani. Amayang'ana kwambiri Maths, Biology, Chemistry ndi Physics, choncho werengani zofunika za pulogalamu iliyonse musanalembe fomu.

Pa mawu munafunsa aja patsala gross margin. Imeneyi ndi ndalama zonse za zokolola kuchotsapo zimene zinalowa chifukwa cha mbewuyo: mbewu, feteleza, mankhwala, aganyu, matumba, mayendedwe. Pamene ambiri amadzinamiza ndi posawerengera ntchito ya banja ndi chimanga chimene adya. Mukagawa ndalama zolowazo ndi matumba amene mwakolola, mumapeza mtengo umene simuyenera kutsika pansi pake vendala akabwera. Amene amakonda mbali imeneyi apite ku agribusiness kapena agricultural economics.

Mnyamata wa ku Chibavi

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye podikira zotsatira, ndi luso liti limene ndingaphunzire panopa loti lingandipezetse ganyu kwa alimi a tomato ndi masamba?

Mlangizi wopuma

Phunzira kupopera molondola. Opopera alipo ambiri, koma odziwa calibration, kuyeza madzi amene sipuleya imathira pa hekitala, ndi ochepa, ndipo ogulitsa mankhwala amafunanso munthu wotere pa kauntala.

Yeza malo a mamita 10 ndi 10. Dzaza sipuleya ndi madzi okha, popera malowo ukuyenda ndi kupopa monga uchitira nthawi zonse, kenako yeza madzi amene afunika kuti idzazenso. Chulukitsa ndi 100. Ngati apita malita 2, ndiye kuti iweyo ndi sipuleya imeneyo mumathira malita 200 pa hekitala. Sipuleya ya malita 16 idzadzazidwa maulendo 12.5. Botolo likanena malita 2 pa hekitala, gawa mamililita 2,000 ndi 12.5, upeza mamililita 160 pa sipuleya iliyonse. Munthu wina woyenda mofulumira apeza nambala ina, ndipo nozo ikaperepeseka nambala imasinthanso, choncho bwereza kuyezako nyengo iliyonse.

Nozo ya mankhwala opha udzu ndi ija yotulutsa madzi mophwatalala, ya tizilombo ndi matenda ndi ija yozungulira. Sipuleya yopopera udzu ikhale yakeyake ngati n'kotheka, chifukwa kotsalira pang'ono kamapiringiza masamba a tomato. Madzi amatope amafooketsa mankhwala opha udzu a glyphosate. Popera m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo, masamba atauma, ndipo mitambo ikasonkhana dikira.

Pa tomato ndi mbatatesi, chiwawu chimakonda nyengo yathu ya chinyezi ndi nkhungu. Mancozeb ndi kopa amateteza tsamba limene silinagwidwe, sachiritsa lodwala, ndiye amayamba kupoperedwa matenda asanaoneke, masiku 7 mpaka 10 aliwonse, ndipo amabwerezedwa mvula yamphamvu ikawatsuka. Pa fall armyworm yendera munda kawiri pa sabata, suzumira m'mitima ya chimanga, popera mbozi zidakali zazing'ono ndipo lozetsa nozo mumtima momwemo. Usabwereze mankhwala a gulu limodzi nyengo yonse. Werenga dzina la active ingredient, chinthu chenicheni chimene chimagwira ntchito m'mankhwalawo, chifukwa mabotolo awiri a mayina osiyana akhoza kukhala mankhwala amodzi.

Pa lebulo yang'ananso masiku oyenera kudikira usanakolole, ndi mzere wa mtundu uli m'munsi: wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Vala magolovesi, gambuti, ovolosi ndi chotseka pamphuno, makamaka posakaniza, poti pamenepo mankhwala amakhala asanasungunulidwe. Botolo likatha litsuke katatu, madzi otsukirawo uwathire mu sipuleya, kenako uliboole kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira.